Otimangira sukulu, funsaninso chilankhulo cha mwana

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinachigwira pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo nthawi imeneyo Chiyao ndinkangodziwapo moni basi. Anandipatsa Sitandade 1, ana oposa 100, ena atakhala pa simenti yong'ambika, ena pa njerwa zimene ankabwera nazo okha. Tsiku lina pa masamu ndinaika timiyala tinayi pansi n'kufunsa kamtsikana kena kuti ndi tingati. Kanayang'ana timiyalato, kanandiyang'ana ine, kenaka kananong'ona kuti "mcheche". Ndinaganiza kuti kakungolankhula zamutu wake. Ndinati ayi, n'kuloza mnzake. Patapita masabata angapo, mphunzitsi mnzanga wobadwira komweko ndiye anandiuza kuti mcheche m'Chiyao ndi zinayi. Mwana uja anali atakhoza. Wosadziwa ndinali ine, koma amene anapita kunyumba tsiku limenelo akudziona kuti ndi mbuli anali iyeyo.

Papita zaka, koma kamtsikana kaja kamandibwerera nthawi iliyonse ndikaona zithunzi za mwambo wopereka mdadada watsopano wa sukulu: alendo akunja atamangirira zitenje, a gulupu ali pampando wakutsogolo, ana akuimba nyimbo yolandira alendo, riboni ikudulidwa. Ndimakondwa ndi mtima wonse, chifukwa ndinaphunzitsapo pansi pa mtengo wa mango ndipo ndikudziwa chimene mvula ya mu Januwale imachita ndi phunziro. Koma pa miyambo yonse imene ndakhalapo sindinamvepo mlendo kapena mkulu wa boma akufunsa kuti, kodi ana akalowa m'chipinda chokongolachi azimva zimene aphunzitsi akunena? Ine ndikuti mwana aliyense m'dziko muno ayenera kuphunzira m'zilankhulo ziwiri, chakwawo ndi Chingerezi, ndipo chakwawocho chisamalandidwe msanga. Anthu akufuna kwabwino amene amatithandiza ndi ndalama angathe kuikankha ntchito imeneyi ngati atafuna, koma kuisenza ndi kwathu.

Chisokonezo chimene chili m'makalasi mwathu chili ndi mbiri yake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka, chimene chinali m'sukulu za kumpoto ndi pa wailesi, chinachotsedwa. Kuchokera pamenepo mwana wa ku Rumphi, wa ku Nsanje ndi wa ku Machinga onse ankayamba sukulu m'Chichewa n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Mu Malichi 1996 boma la a Bakili Muluzi linatulutsa kalata yoti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo chakwawo. Ganizolo linali labwino, koma kalatayo inayenda yokha. Mabuku a Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena sanafike m'sukulu, aphunzitsi sanasulidwe, ndipo anapitiriza kutumizidwa kulikonse posatengera chilankhulo chimene akudziwa. Kenaka Lamulo la Maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya zamaphunziro, a Lucious Kanyumba, inalengeza kuti Chingerezicho chiyambire mu Sitandade 1.

Lamulo likunena zake, m'kalasi mukuchitika zina. Mphunzitsi amalemba pa bolodi m'Chingerezi, amatembenuka n'kufotokoza m'Chichewa, ndiye ana awiri atatu amene amva amanong'oneza anzawo m'Chiyao. Aphunzitsi amachita zimenezi chifukwa ali ndi chifundo ndi nzeru, koma amazichita mobisa ngati akuba, ndipo palibe anawaphunzitsa kachitidwe kake koyenera. Kaimeni pazenera la Sitandade 5 pa sukulu iliyonse ya kumudzi nthawi ya sayansi. Mudzamva kalasi yonse ikubwereza chiganizo cha Chingerezi pamodzi ngati kwaya, mawu ake omveka bwino. Mukatero patulani mwana mmodzi mumufunse kuti wanena chiyani. Adzazolika. Amenewo si maphunziro, n'kuloweza, ndipo tikukudziwa tonse chifukwa ambiri tinadutsa momwemo.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ana amenewa si osadziwa. Mnyamata wa zaka 11 wa kunyanja kuja amasiyanitsa usipa ndi utaka, mcheni ndi kampango. Akayang'ana madzi ndi mitambo amadziwa ngati kukubwera mwera, mpoto kapena vuma, ndipo amadziwa mphepo imene bwato siliyenera kunyamuka nayo. Amawerengera ndalama za nsomba pa chulu cha ogula osaphonya. Imeneyi ndi sayansi, awa ndi masamu. Koma akafika m'kalasi nzeru zonsezi amazisiya pakhomo pamodzi ndi chilankhulo chake, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 mapepala onse, kupatula la Chichewa, amabwera m'Chingerezi. Akalephera kawiri katatu amangoti sukulu si yanga, n'kupita kokoka makoka. Mtsikana amakalowa m'banja. Ife timati vuto ndi umphawi kapena chikhalidwe cha makolo, ndipo zimenezo zilipodi, koma sitiwerengera kuti mwanayu wakhala zaka zisanu pa malo pamene samva zimene zikukambidwa.

Nkhaniyi si yachilendo kwa akatswiri. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, inanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chimene anayamwira. Mu 2016 bungwe lomwelo linati anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse padziko lapansi alibe mwayi wophunzira m'chilankhulo chimene amalankhula kapena kuchimva, ndipo mu 2021 ngakhale World Bank inatulutsa lipoti lovomereza kuti ana aziyamba m'chilankhulo chawo. Chifukwa chake mphunzitsi aliyense wa makalasi ang'onoang'ono anachionapo ndi maso. Munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha m'moyo wake. Tsiku limene mwana wa Chiyao wazindikira kuti zilembo zisanu za mawu akuti "somba" zikunena chimene anadyera ugali usiku wathawu, nkhope yake imawala, ndipo luso limenelo salitayanso. Amapita nalo ku Chichewa, amapita nalo ku Chingerezi. Koma mukamuyambitsa ndi mawu amene sanawamvepo, mwamupatsa katundu muwiri nthawi imodzi, kuzindikira zilembo ndi kuganizira tanthauzo, ndipo ambiri amatula zonse.

Pali chitsanzo cha ku Nigeria chimene ndimafuna aliyense wogwira ntchito m'mabungwe othandiza atachidziwa. Mu 1970 Pulofesa Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya ku Ile-Ife anayamba kuyesa kuphunzitsa ana maphunziro onse m'Chiyoruba kwa zaka zonse zisanu ndi chimodzi za pulayimale, Chingerezi chili phunziro lapalokha lophunzitsidwa mwaluso. Mbali ya ndalama inachokera ku Ford Foundation ya ku America. Ndalamazo sanamangire zipinda zokha. Analembera mabuku a masamu ndi sayansi m'Chiyoruba, anapanga mawu a zinthu zimene zinalibe mayina, anasula aphunzitsi. Ana amene anadutsa m'ndondomekoyi anakhoza bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga, ndipo pa Chingerezi chenichenicho sanatsalire. Apa ndi pamene ndalama ya wopereka imagwira ntchito yake yeniyeni, kulipirira chinthu chimene boma likuchiopa kufikira chitaoneka kuti n'chotheka. Koma nkhaniyo ili ndi mbali yachiwiri. Ntchito ya ku Ife itatha, boma la Nigeria silinaitenge n'kuifalitsa m'dziko lonse. Umboni unalipo, chimene chinasowa ndi mwini wake.

Anzathu a ku Mozambique anachita mosiyanako, ndipo nkhani yawo ikutikhudza chifukwa ndi ya chilankhulo chathu chomwechi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 anayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zochepa, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, mothandizidwa ndi UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, ndi World Bank. Kuyesako kutatha boma silinatseke faelo. Mu 2003 linaika maphunziro a zilankhulo ziwiri m'ndondomeko ya dziko, m'zilankhulo 16. Mavuto alipo, mabuku amachepa, sukulu zotere zikadali zochepa poyerekeza ndi zonse. Komabe dziko limene linangotuluka kumene m'nkhondo linalimba mtima kuyamba ndi zilankhulo 16, pamene ife timauzana kuti zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zosatheka.

Ndisamveke ngati wosayamika. Sukulu m'dziko muno zinayamba ndi ndalama za anthu opereka mwaufulu. Sukulu ya Overtoun ku Khondowe, imene Robert Laws anaitsegula mu 1894, inatenga dzina la mkulu wa bizinesi wa ku Scotland amene anaikapo chuma chake. Ndipo a mishoni aja, ndi zolakwa zawo zonse, anazindikira chinthu chimodzi chimene ife taiwala: anayamba ndi kuphunzira zilankhulo za anthu. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. A Livingstonia anasindikiza mabuku a Chitumbuka ndi Chitonga, ndipo pamene boma la atsamunda linafuna kukakamiza Chinyanja m'sukulu zonse m'zaka za m'ma 1930, kumpoto anakana. Masiku athu ano Mary's Meals, imene inayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002, imapereka phala kwa ana oposa 1 miliyoni. Amene anaonapo mzere wa ana ali ndi makapu m'manja m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitauma, sanganyoze ntchito imeneyi. Phala limabweretsa mwana ku sukulu. Funso langa ndi la chimene akumana nacho akamaliza kumwa phalalo.

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinalandira makatoni a mabuku kuchokera kwa anthu ena akunja. Anali anthu abwino, anasonkha okha, analipira okha mtengo wotumizira. Tinawalandira ndi magule. Titatsegula tinapeza mabuku okongola a zikuto zolimba, onse a Chingerezi, onena za ana osewera m'chipale chofewa, za sitima zoyenda pansi pa nthaka, za agalu ogona pabedi. Ana anawakonda chifukwa cha zithunzi, koma ngakhale a Sitandade 7 sankatha kumaliza tsamba limodzi. Patapita miyezi mabukuwo anabwerera m'makatoni mu ofesi ya ahedi, ndipo chiswe chinayamba ntchito yake kuchokera pansi. Chaka chomwecho ana anga a Sitandade 2 ankalimbirana buku limodzi la Chichewa anthu asanu ndi mmodzi, ena akuliwerenga chozondoka. Ndalama imene inanyamula makatoni aja pa nyanja yamchere ikanasindikiza timabuku tambirimbiri ta nthano za komweko ku Blantyre kapena ku Balaka. Palibe anatifunsa, ndipo ifenso sitinanene, poti mlendo sauzidwa kuti mphatso yake yaphonya. Ulemu umenewu ukutipweteketsa ana.

Wopereka amafuna chinthu choti akachionetse kwa amene anamupatsa ndalama, ndipo zimenezo n'zomveka. Mdadada umajambulika, mjigo umajambulika. Buku la galamala ya Chisena, kapena miyezi itatu yosula mphunzitsi, sizioneka bwino pa chithunzi. N'chifukwa chake ndalama zimathamangira ku njerwa. Tonse tikukumbukira sukulu ya atsikana ya madola 15 miliyoni imene Raising Malawi, bungwe la Madonna, woimba wa ku America, linafuna kumanga pafupi ndi Lilongwe. Anthu anasamutsidwa pa malowo, ndalama zokwana madola 3.8 miliyoni zinapita, ndipo mu 2011 ntchitoyo inalephereka popanda kalasi ngakhale imodzi. Pambuyo pake bungwelo linagwirizana ndi bungwe lina lotchedwa buildOn n'kumanga timasukulu ta m'midzi ku Kasungu, zimene zinathandiza ana ambiri kuposa maloto oyamba aja. Anaphunzirapo kanthu, ndipo ndikuwayamikira. Ndikungofuna kuti kuphunzirako kupitirire, kuchoka pa kukula kwa nyumba kufika pa zimene zikulankhulidwa m'katimo.

Ena afikapo pafupi. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 ndi thandizo la USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, inabweretsa mabuku atsopano a Sitandade 1 mpaka 4 ndi maphunziro a aphunzitsi m'dziko lonse. Bungwe la onebillion la ku Britain linapanga masewero ophunzitsa masamu ndi kuwerenga pa tabuleti m'Chichewa, linawayesa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo mu 2019 linapambana, pamodzi ndi bungwe lina, mphoto ya Global Learning XPRIZE imene ndalama zake anapereka Elon Musk. Lero matabuleti amenewa akufalikira m'sukulu za boma kudzera mu ndondomeko ya BEFIT. Ndinaonapo mwana atavala zomvera m'makutu, tabuleti ikumulankhula m'Chichewa, iye akuiyankha mokweza ngati akucheza ndi mnzake. Zinandikhudza mtima. Koma taonani malire ake: mabuku aja ndi matabuleti awa amalankhula Chichewa ndi Chingerezi. Kwa mwana wa ku Dedza ndi mwayi waukulu. Kwa mwana wa ku Makanjira, wa ku Chitipa kapena wa ku Marka, chitseko chikadali chotseka, kungoti loko wake ndi watsopano.

Apa ife olankhula Chichewa tiyenera kudziyang'ana. N'kosavuta kudandaula kuti Chingerezi chikupondereza Chichewa, n'kuiwala kuti Chichewa nachonso chakhala pamsana pa zilankhulo za anzathu kuyambira 1968. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Achewa ndi pafupifupi 34 pa 100 alionse, Alomwe 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9. N'zoona kuti ambiri mwa amenewa amalankhula Chichewa pakhomo, koma si onse, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa m'mudzi wa ku Mzimba kapena ku Machinga sanayendepo n'kukachimva ku msika wa m'tauni. Iyeyo amakumana ndi zilankhulo zachilendo ziwiri tsiku limodzi. Ngati tikufunira mwana wathu chilankhulo chake, timufunirenso wa mnzathu, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chimene chimachitika chilankhulo chikasiyidwa kunja kwa sukulu ndachiona pakhomo pathu. Agogo anga aamuna ku Ntcheu ankavina ngoma atanyamula chishango ndi chibonga, akuimba nyimbo za Chingoni mpaka misozi. Nditawafunsa tanthauzo la mawuwo anandiuza mawu awiri atatu, ena onse anati anapita ndi akuluakulu. Ife adzukulu tatsala ndi nthenga za kumutu ndi mayina a mafuko. Ku Mzimba anthu akuyesetsa kuchitsitsimutsa Chingoni, ndipo chaka ndi chaka amasonkhana pa Umthetho ku phiri la Hora. Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu zikwizikwi kwa Chonde, koma ambiri mwa ovina tchopa kumeneko Chilomwe sachitha. Miyambo imeneyi ndi yofunika, koma chilankhulo sichikhala ndi moyo ndi tsiku limodzi pa chaka. Chimafuna ana ochigwiritsa ntchito Lolemba m'mawa powerengera ndi polemba. Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde zikadali zamoyo m'kamwa mwa ana. Nthawi yozithandiza ndi ino, zisanafike pofuna kudzutsidwa.

Ndipo matendawa sali kumudzi kokha. M'matauni muli sukulu zolipira zimene zimapatsa mwana chibalo chifukwa walankhula Chichewa pa bwalo, ndipo makolo amaona ngati ndiye sukulu yabwino. Mwana wa mchemwali wanga anabadwira ku Johannesburg. Amalankhula Chingerezi ndi Chizulu cha mumsewu, koma agogo ake akamuimbira pa WhatsApp amangoti "ndili bwino" kenaka n'kubweza foni kwa mayi ake. Mayi anga amaseka, koma foni ikaduka amakhala chete nthawi yaitali. A Malawi a ku Britain, ku South Africa ndi ku Zimbabwe amatumiza ndalama zomangira matchalitchi, mizikiti ndi sukulu kwawo. Nawonso ndi opereka. Akanapatulako pang'ono n'kulipira mphunzitsi wa Loweruka woti aziphunzitsa ana awo Chichewa kapena Chitumbuka komweko, n'kugula mabuku kwa olemba a kuno, akanathandiza mbali ziwiri ndi ndalama imodzi.

Ndikudziwa zimene makolo amanena, chifukwa anandiuzapo pamaso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, Chiyao mwanayu akuchidziwa kale, ndamutumiza kuno kuti adzamve Chizungu apeze ntchito." Bamboyo sanalakwe. Popanda Chingerezi mwana sapita ku sekondale, sapambana MSCE, salowa ku yunivesite, sangaimire ngakhale ukhansala momasuka, ndipo Nyumba ya Malamulo imakambirana m'Chingerezi. Makolo amaonanso kuti ana a amene amapanga malamulo ali m'sukulu za Chingerezi chokhachokha, monga momwe Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, inkaphunzitsira Chilatini ndi Chigiriki pamene Chichewa chinalibe malo. Ndiye munthu ukamuuza kuti mwana wake aziphunzira m'Chiyao amaona ngati ukufuna kumutsekera kumudzi. Yankho langa kwa bambo uja ndi lakuti tikufuna chinthu chimodzi. Inenso ndikufuna mwanayo adziwe Chingerezi chenicheni, chodziwa kufunsa nacho funso ndi kukana nacho bodza. Njira imene tikuyendayi taiyesa zaka zambiri, ndipo yatipatsa ana a Fomu 2 osatha kulemba kalata m'chilankhulo chilichonse. Mwana wa bwana amakhoza m'sukulu ya Chingerezi chifukwa kwawo kuli Chingerezi pa tebulo, pa TV ndi m'mabuku. Kwa iye ndi chilankhulo cha pakhomo. Iyenso akuphunzira m'chilankhulo chimene amachimva, ndipo ndi mwayi womwewo umene ndikupempha kuti wa msodzi akhale nawo.

Ena amati zilankhulo zambiri m'sukulu zidzagawa dziko. Ine ndaona zosiyana. Chimene chinasiya chilonda kumpoto ndi kuchotsedwa kwa Chitumbuka, ndipo pamene MBC inayamba kuulutsa nkhani m'Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga m'zaka za m'ma 1990 dziko silinang'ambike. Chichewa chipitirire kuphunzitsidwa paliponse ngati phunziro, poti ndi chimene timakumanirana pa msika ndi m'basi. M'matauni mosakanikirana mitundu, Chichewa ndicho chilankhulo cha ana pa masewero, ndipo chikhoza kukhala choyambira. Za ndalama, inde, kusindikiza mabuku m'zilankhulo zingapo n'kodula. Koma mwana wobwereza Sitandade 1 kawiri, Sitandade 3 kawiri, kenaka n'kusiya, nayenso wadya ndalama za boma, ndipo sitinapezepo kanthu. Komanso sitikuyambira pa thengo. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inakonza kalembedwe ka zilankhulo zingapo ndipo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Akatswiri monga a Pulofesa Al Mtenje ndi a Pulofesa Pascal Kishindo anathera zaka pa ntchito imeneyi. Mipingo ili ndi Malemba m'Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chiyao ndi Chisena. Ngati chilankhulo chinatha kunyamula kalata ya Paulo kwa Aroma, sichingalephere kunyamula phunziro la mmene mbewu imamerera.

Chaka cha 2025 chinatiphunzitsa zowawa. Mu Januwale boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pofika mu Julayi USAID inali itatsekedwa. Ntchito za zaumoyo ndi zamaphunziro zimene tinkaziona ngati zathu zinaima ndi siginecha ya munthu mmodzi ku Washington. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Si kumunyoza mlendoyo, n'kunena za chilengedwe chake. N'chifukwa chake ndikuti chigamulo cha chilankhulo chophunzitsira chisadikire pulojekiti. Nyumba ya Malamulo ibwerere ku Lamulo la 2013 ilembe momveka kuti mwana aziphunzira m'chilankhulo chimene amachimva kufikira Sitandade 4 pang'ono pokha, ndipo ine ndikanakonda mpaka 6, Chingerezi chikuphunzitsidwa tsiku lililonse kuyambira Sitandade 1 n'kumakula pang'onopang'ono. Sukulu zosula aphunzitsi ziphunzitse poyera kagwiritsidwe ntchito ka zilankhulo ziwiri m'kalasi, ndipo mphunzitsi wa makalasi ang'onoang'ono azitumizidwa kumene chilankhulo chake chili. Izi n'za boma, ndipo wopereka sangatichitire.

Kwa opereka, akunja ndi akuno komwe, monga Press Trust, mabanki ndi makampani a mafoni amene amapereka madesiki chaka ndi chaka, pempho langa ndi laling'ono. Pa ndalama iliyonse ya njerwa patulani gawo la mawu. Lipirani olemba ndi ojambula a m'maboma momwemo. Pulogalamu ya pa tabuleti imene inatha kulankhula Chichewa ndi Chiswahili ilankhulenso Chiyao ndi Chitumbuka. Perekani ndalama za zaka khumi, chifukwa mwana woyamba Sitandade 1 samaliza pulayimale m'zaka zitatu za pulojekiti. Mabuku amene mwalipirira asakhale ndi loko, boma kapena mpingo uzitha kuwasindikizanso inu mutapita. Ndipo musanatumize katundu, khalani pansi ndi aphunzitsi a Sitandade 1, osati ahedi okha, muwafunse chimene ana awo amalankhula akamakangana pa mjigo.

Mphunzitsi mnzanga uja, amene anandimasulira mcheche, anali ndi kope lachikuto chofiira mmene ankalembamo nthano ndi zilape za Chiyao zimene ankamva kwa amayi ake. Lachisanu lililonse ankawerengera ana ake nthano imodzi, kenaka n'kulemba mawu asanu a m'nthanoyo pa bolodi, Chiyao kumanzere, Chichewa pakati, Chingerezi kumanja. Palibe anamutuma ndipo palibe ankamulipira. Ana a m'kalasi mwake ankakangamira kutsogolo, ngakhale aja osalankhula ankaimika manja. Pamene ndinkachoka pa sukulupo kopelo linali litadzaza, ndipo anali atayamba lachiwiri. M'menemo munali timabuku tosachepera makumi awiri ta masamba ochepa, tongofuna wojambula zithunzi ndi ndalama ya makina osindikizira.